Kudikira Mchombo ku Nsaru

Lolemba
Tchuthi chatheka! Sabata imodzi, yochita kupempha chogwada. Mkulu woyang'anira maphunziro athu a udokotala akuti: "Wabereka ndi iwe kapena mkazi wako?" Masiku amenewa ndidzawabweza kumapeto, anzanga atamaliza kale. Zilibe kanthu. Mwana wanga woyamba wabadwa dzana, ndipo mkazi wanga Tiyamike wapita naye kwa amayi ake ku Nsaru ine ndisanamuone. Zolinga: kumunyamula, kumusambitsa, kuphunzira kumanga thewera.

Lachiwiri
Ndafika pa kabaza. Apongozi aakazi andiimitsa pakhonde. Mwana ali m'chikuta, mwamuna salowa mpaka mchombo utagwa. Ine amene ndimadula michombo tsiku ndi tsiku! Ndawafotokozera mwaulemu. Akuti: "Imeneyo ndi ya eni ake, bambo. Uwu ndi wathu."

Lachitatu
Ndili pansi pa mtengo wa mango, kumvetsera mwana akulira. Tiyamike wanong'ona pawindo: "Mphuno ndi yanu, pepani." Mudzi wamva kuti kuli dokotala wongokhala. Afika kale: wamsana, wadzino, ndi bambo wina atakoka mbuzi yotsekula m'mimba.

Lachinayi
Apongozi aamuna akuti mkamwini sakhala manja lende. Tsiku lonse m'chigafa kusoka fodya. Akuti ndimasoka ngati mwana. Mtima ukundiwawa, zala nazonso.

Lachisanu
Za mchombo: wauma, koma ukukakamira. Mnzanga amene akundigwirira ntchito waimba: "Ukudyerera eti, ife tikufa kuno."

Loweruka
Nzeru zatsopano. Ndavala chovala changa choyera, ndati ndikufuna kumuyeza mwana. Apongozi aakazi: "Kodi mwabwera ngati bambo kapena ngati dokotala?" Ndati dokotala. "Ndiye manja ogwira odwala amenewo akhale konko." Ndavula, ndati bambo. Aseka mpaka kukhala pansi.

Lamulungu
Ndatsanzikira pawindo. Mawa m'mawa ndiyenera kukhala muwodi, ndikachedwa sabata yonse adzaiwerengera kuti ndinathawa. Minibasi itangodutsa pa Chitedze, foni. Tiyamike akuti mchombo wagwa, wangogwa pompano akumusambitsa. Kumbuyo kwake ndikumva apongozi: "Auzeni abwere adzanyamule mwana wawo. Bambo wanji wongothamangira ntchito?"

Ndayang'ana kondakitala, ndayang'ana msewu. Sinditsika. Mwana wanga ndikumudziwa kaliridwe kokha.