Kope lofiira la Mayi Nubia

Ku Peckham, mu mzinda wa London, aliyense ankadziwa kuti Mayi Nubia sakupatsa moni asanakuwerenge. Mukakumana pa masitepe a mafulati, ankayamba akulozani ndi pensulo, milomo ikugwedera, kenako ndiye moni. Anali mayi wa ku Colombia, wamfupi ngati mtondo, wokolopa m'maofesi, ndipo kope lawo lofiira silinkachoka m'khwapa.

Matenda owerenga anthuwa anayamba ndi kalembera wa 1991. Fomu itafika, anathamangira kwa a Greenwell Chisenga, Mmalawi woyandikana nawo nyumba, amene ankawathandiza Chingerezi.

"Bambo Chisenga, kabokosi ka anthu akwathu kali pati?"

A Greenwell anayendetsa chala. Azungu, akuda, Amwenye, Matchaina, onse analipo. "Inu muchonge apa, polembedwa kuti ena."

"Ena? Zaka khumi ndi ziwiri ndikukolopa London, lero ndasanduka ena?"

Tsiku lomwelo anagula kope. Ku khonsolo, kumene ankapempha chipinda choti ana awo aziphunziriramo Chisipanishi Loweruka, anawayankha kuti anthu olankhula chinenerocho ndi ochepa, abweretse kaye mayina mazana atatu. Ankayesa kuti awagwetsa mphwayi. Sanawadziwe.

Kuyambira pamenepo panalibe wopuma. Wina atangotukwana m'Chisipanishi mu basi, mayiwo anamutsata mpaka ku Woolwich, ntchito n'kujomba. Mayi woyembekezera ankamulemba kawiri, dzina lachiwiri, la mwana wam'mimbayo, mopepuka kuti mwina lidzafuna kukonzedwa. Amene analibe mapepala okhalira m'dzikomo ankabisala kuseri kwa makatani, koma Mayi Nubia ankakhala pakhomo n'kumaluka juzi mpaka munthuyo atatopa yekha. A Greenwell ndiwo ankanyamula ambulera, akudandaula njira yonse.

Nawonso sanapulumuke.

"Kwanu mumadya chimanga?" anawafunsa Mayi Nubia tsiku lina.

"Tsiku lililonse."

"Pa maliro mumalira mokweza?"

"Mpaka mawu kusasa."

"Ndiye mukuvutiranji? Ndinu wathu. Dzina!"

"Mayi, ine ndine wa ku Chitipa!"

Akazi awo a Etta ankangofa nalo phwete. "Lembetsani basi, bambo, mwina tizimwako tiyi mwamtendere muno." Koma a Greenwell anakanitsitsa kwa mtu wa galu, amvekere munthu sasintha mtundu chifukwa cha chimanga.

Patatha zaka zitatu mayina anafika 299, n'kuima. Anafufuza m'matchalitchi, m'misika, ngakhale m'chipatala chimene anagonekedwa chifuwa chitawakula, moti anafunsa nesi aliyense kwawo kwa agogo ake. Wotsirizayo sanapezeke. Anamwalira mwezi wa Febuluwale, chipinda chija asanachione.

Mwambo wa maliro utatha, mwana wawo wamkazi anapereka kope lija kwa a Greenwell. Iwo anakhala pansi ndi a Etta n'kuwerenga dzina limodzilimodzi, akuseka pokumbukira mmene lililonse linagwidwira. Atafika kumapeto a Greenwell anabwereranso poyambira.

"Etta, mayi aja sanadzilembe."

Zaka zitatu kusakasaka munthu mmodzi, munthuyo ali yemwe wagwira pensulo! A Greenwell anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Analemba dzina la Mayi Nubia pa 300. Ataganiza pang'ono, pansi pake analembapo lawo.

"Nanga inu si a ku Chitipa?" anafunsa a Etta.

"Mwina ku khonsolo akana womwalira. Pakhale wapadera."

Chipinda chinaperekedwa chaka chomwecho, ndipo Loweruka lililonse ana amaimbamo Chisipanishi mpaka mawindo kunjenjemera. Koma pa masitepe paja pali zii. Anthu amangodutsana, moni wa m'mphuno, palibe wofuna kudziwa kuti tatsala angati. A Greenwell amatsikabe pang'onopang'ono, ndipo akafika pokhota pamene ankakumana ndi mayi aja amaima kaye, ngati munthu wodikira kuti amuloze ndi pensulo.