Tsiku Lomwe Sukulu Yanga Inayandama

Nthaka inkayenda, achemwali, inkayenda ndithu, ine ndili chigonere chagada ndi ana asanu, misana yathu ili pa udzu koma mtunda ukuthawa, ndipo mukaseka ndisiyira pompano. Senderani kuno. Musakweze mawu, bambo a Dorika ali kuseriku akusoka ukonde ndipo mpaka lero sakudziwa kanthu, iwo amangoti Lachiwiri lija mvula inatipezera kudimba. Ife a mpingo wathu sitilumbira, mukudziwa, ndiye ndikati zinachitika, zinachitika. Wokayika abwere adzanunkhize tsitsi langa kunkhongoku pomwe linawauka.

Dikirani ndiyambe bwino, ndathamanga.

Chichotsereni ana athu kusukulu chifukwa cha nkhani yokana kugula makadi a chipani ija, sindiitchula kawiri, akulu a mpingo anati aliyense amene anagwirapo pensulo aziphunzitsa ana pakhomo. Ine Sitandade 5 ndinamaliza, ndiye ahedi ndine, aphunzitsi ndine, wosesa ndine ndemwe. Belu tilibe, lingatiulule. Ana a sukulu yanga ndi Dorika wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, Filipo wa zisanu, mapasa a Mai Namalomba a mumpingo mwathu, ndi Eneresi wakubereyu amene amaphunzira ali mtulo. Mapasawo mayi awo amandisiyira m'manja akamapita ku Kachulu kukayanika matemba, ndipo tsiku lililonse amanena mawu amodzimodzi, akuti ndabwera nawo awiri, ndidzatenge awiri. Pakhomo pano sitiphunzirira, anthu amadutsa, amafunsa. Timalowa mu njedza, udzu wautali wa m'mbali mwa nyanja uja, mkati mwake muli kabwalo kouma kobisika bwino, ndiyo kalasi yathu. Kumeneko chilichonse timanong'ona. Pemphero kunong'ona, nyimbo kunong'ona, samu kunong'ona.

Phunziro la tsikulo linali mitambo. M'mawa ndinali nditawaonetsa chivundikiro cha poto, momwe nthunzi imakwerera n'kusanduka timadontho n'kugwanso, ndiye titafika m'kalasi n'kupemphera ndinawauza kuti Mulungu amachita chimodzimodzi ndi nyanja ya Chilwa yonseyi: dzuwa limamwa madzi, Iye amasonkhanitsa nthunziyo kumwamba, amatibwezera ili mvula, mchere n'kutsala pansi, n'chifukwa chake madzi a m'nyanja amawawa koma a padenga amakoma. Filipo anafunsa ngati matemba nawonso amakwera. Ndinati ayi, khala chete. Pamenepo ndinamulakwira mwana, mumva.

Kenaka ndinayala nsalu, ndinati tonse tigone chagada, aliyense maso kumwamba, wopenya kumbali alandira khofi. Mayina a mitambo a m'buku ndinaiwala, ndiye ndinapanga anga. Yoyera ngati thonje, chapani zovala. Ya mamba a nsomba, mawa kuli mphepo. Ya nthenga za nkhuku, yakutali, ilibe ntchito. Wakuda kumimba, nyamulani mwana muthawe. Dorika ankalemba pa sileti ataikweza pamwamba pa nkhope, mapasa akulimbana kuti mtambo wina ndi mbuzi kapena ndi amalume awo.

Chomwe sindinadziwe ine mwana wa kuminda ya chimanga ku Kuntumanji n'choti kabwalo kanga sikanali nthaka. Njedza za kuno zimalukana mizu, zimanyamula matope, pamwamba n'kuuma ngati bwalo, koma pansi pake madzi okhaokha. Asodzi amamangapo misasa yawo dala. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti mphepo ikatsika kuchokera kuphiri la Zomba chidutswa chimathothoka n'kunyamuka. Ine miyezi itatu ndikuphunzitsira pa bwato osadziwa.

Dorika ndiye anayankhula, mwa kunong'ona monga ndinamuphunzitsira.

"Amayi, mitambo yaima. Phiri ndi lomwe likuyenda."

Ndinadzuka kuti ndimupatse khofi lija. Achemwali, phiri la Mpyupyu linali litachepa ngati chulu, pakati pa ife ndi mtunda pali madzi, kumbuyo kwa phiriko kukubwera wakuda kumimba, wamkulu woti sindinamuonepo chibadwire, ndipo ine kusambira sindidziwa, ngakhale m'beseni. Ndinamangirira Eneresi kumsana ndi mfundo zitatu. Ndinafuna kukuwa, mawu anafika pakhosi n'kubwerera, chifukwa kukuwa n'kuitana anthu, anthu akabwera aona sileti, akaona sileti mukudziwa zomwe zimatsatira. Ndiye ndinati ana, imbani, ndipo anaimbadi nyimbo ya mpingo mwa kunong'ona, pakati pa nyanja, mano akugundana.

Tsopano mverani, apa ndi pomwe anthu samakhulupirira. Mphepo inatigwira n'kutithamangitsa liwiro loti zithunzithunzi zathu zinatsala kumtunda zili chigonere chagada, chilumba cha Chisi tinachidutsa katatu, koyamba mayi wina akusinja, kachiwiri akupeta, kachitatu ana ake akusamba m'manja, ndipo ndisanameze malovu tinali tafika tsidya la ku Mozambiki komwe agogo athu anachokera, mpaka nkhalamba ina ili ndi khasu inandilonjera m'Chilomwe n'kundifunsa kuti kodi ndine mdzukulu wa ndani, koma ndisanayankhe mphepo inatembenuka n'kutibweza, moni wanga n'kugwera m'madzi. Mukumva? Mtambo uja unali utatsika mpaka unandigunda pachipumi, phuu, ngati mtanda wa pakhomo la khitchini, ndipo ndikukuuzani ine amene ndinaugwira ndi manja awa, mtambo ndi wozizira, ndi wolemera, umanunkha ngati bulangete lonyowa, ndipo mkati mwake mumalira ngati mimba ya munthu wodya nyemba zosapsa. Ndinati ana inu, phunziro silinathe, gwirani muone, ndipo onse anagwira, mapasa anadulako kachidutswa kuti akaonetse mayi awo koma kanasungunuka m'thumba.

Ndiye unayamba kutaya. Matalala ake ngati maungu, achemwali, limodzi linagwa pafupi ndi phazi langa n'kuboola sukulu yathu, pabowolo n'kusuzumira mlamba wamkulu ngati basi ya ku Zomba, ndevu zake kutalika kuchokera pano mpaka pachitsime. Munthu wina akanakomoka. Ine ndinaponda ndevu imodzi ndi phazi lamanzere, inayo ndinakulunga padzanja, nsalu tinayala ija ndinailuma ndi mano mbali imodzi mbali inayo Dorika atagwira kuti itenge mphepo, mwana ali kumsana, Filipo ali m'khwapa, mapasa ndawapana pakati pa mawondo, ndipo ndikakoka ndevu yakumanja mlambawo umakhota kumanja, ndikakoka yakumanzere umakhota kumanzere, ine amene njinga sindinapalasepo. Mukumva? Mphezi inabwera yoyamba, ndinawerama, inandiwaula tsitsi ili. Yachiwiri ndinaitchinga ndi sileti, inadumpha n'kukagwa ku Mulanje, akuti kumeneko kunapsa mtengo. Yachitatu inaima patsogolo panga ikunjenjemera, ndinaiyang'ana monga ndimayang'anira Filipo akamasewera pa pemphero, inachita manyazi n'kubwerera kwawo.

Mtambowo utaona kuti matalala alephera unatsegula mimba yonse, ndipo pamodzi ndi madzi munagwa matemba, amoyo, akuphiriphitha, kudzaza sukulu mpaka m'akakolo. Filipo anatulutsa mutu m'khwapa mwanga n'kundiyang'ana m'maso. Ndinamupepesa pomwepo, mphunzitsi wabwino amavomera. Koma matembawo anali kutimiza, ndiye ndinasiya ndevu, ndinadumpha, ndinagwira mtambowo pakhosi ndi kumchira n'kuufinya ngati thewera la Eneresi, kufinya, kufinya, mpaka unayera mbee n'kukhala wa thonje, ndipo ndikanauyanika pa njedza kukanakhala chingwe.

Pamenepo m'pamene mmodzi wa mapasa anaterereka, mwendo n'kulowa pabowo lija mpaka m'ntchafu. Izi ndiye musaseke. Ndinamugwira dzanja, kadzanja konyowa koterera, ndinamva mawu a mayi ake aja m'khutu, ndipo za sileti, za makadi, za kunong'ona, zonse zinandichoka. Ndinakuwa. Mawu onse amene ndakhala ndikumeza miyezi yonseyi anatuluka kamodzi. Mfuwu wake mbalame zonse za m'dambo zinanyamuka, bingu linakhala chete kumvetsera, ndipo ndikukhulupirira anthu a ku Zomba anayang'ana kumwamba.

Mukufunsa kuti tinafika bwanji kumtunda. Ndimati ndidumphe pamenepo. Chabwino, poti ndinu achemwali anga, koma izi zithere m'nyumba muno.

Kunabwera Che Amidu, msodzi wachikulire uja amapemphera kumzikiti wa kumsika. Sanabwere pa bwato. Anabwera wapansi, m'nyanja momwemo, mono uli pamutu, buluku atapinda, madzi akumulekeza m'mawondo. M'mawondo, achemwali. Ndipo mtunda unali ngati kuchokera pano kufika pa mtengo wa mango uwo. Musandiyang'ane choncho, n'chifukwa choti mlamba uja unali utatibweza kale, iwo anangopeza kothera. Anaima, anatiyang'ana ife asanu ndi mmodzi tili chikumbatirane, anazula mwana pabowo ngati chinangwa, n'kuyamba kukankha sukulu yonse ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mono. Sanaseke, Mulungu awadalitse, ndevu zawo zokha ndi zomwe zinkagwedera. Anandifunsa ngati kwathu kulibe madzi, ndinati a pachitsime alipo. Anati Chilwa chaka chino ngakhale mbuzi ikhoza kuwoloka mbali ino, ndikadzafuna malo osayenda ndidzayambe ndabaya pansi ndi nsungwi, ikalowa yonse ndichokepo.

Titagunda mtunda anatsitsa ana mmodzimmodzi, kenaka anawerama n'kutola sileti. Panali polembedwa ndi dzanja la Dorika, mayina a mitambo onse anayi, pamwamba pake dzina la Mulungu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kaya amawerenga kaya ayi sindikudziwa. Kenaka anaitembenuza chafufumimba n'kundipatsa.

"Ikani m'kati mwa nsalu, mayi. Mvula ingafufute ntchito ya mwana."

Anasenza mono wawo n'kubwerera m'madzi. Lero ndi Loweruka, pakhomo pano sipanafike munthu wodzafunsa za sukuluyi.

Mvula yeniyeni, ya pansi pano, inatipeza tikuthamanga m'minda ya mpunga. Ndinkakoka mapasa wina dzanja ili wina ili, Dorika akukoka Filipo, matope mpaka m'makutu, mphezi ikung'anima kumbuyo ndipo imeneyo sindinaiyang'ane kumaso, ndinangothamanga. Tinalowa m'nyumba muno, ndinakankha chitseko ndi msana, ndinaika mpiringidzo, ndinakokeraponso mtondo. Ndinawaimika pakhoma apo kuti ndiwerenge. Dorika, Filipo, mapasa awiri. Anayi. Ndinapukuta maso n'kuyambanso kuchokera mbali inayo. Anayi. Ndinawagwira pamutu mmodzimmodzi, ndikutchula mokweza, kunong'ona nditaiwala, anayi basi, ndipo ndinali nditapita ndi asanu. Ndinayamba kukankha mtondo kuti ndibwerere kunyanja, ndikulira dzina la Eneresi, ndikuona kale nkhope ya bambo ake.

Dorika anandikoka chitenje.

"Amayi, ali kumsana."

Anali mtulo, achemwali, chala chili m'kamwa, tsaya lake lofunda lili pakhosi panga, ulendo wonse wa ku Mozambiki sanadzuke n'komwe. Ndinabwezera mtondo pachitseko, ndinakhala pansi pomwepo m'matope a mapazi athu, ndinamumasula mfundo zitatu zija n'kumuika pamiyendo pomwe ndingamuone ndi maso. Ndinawerenganso kawiri. Asanu.