Chidole Chokana Kukhala Pansi

Lolemba

Tsiku lomaliza limene zonse zinali bwino linali Loweruka. Amake Tereza anakhala pakhonde, atatsamira chitseko, miyendo atatambasula, mapazi atasanjikiza, akusenda nandolo m'lichero. Ine ndinali pabwalo ndi chikwangwani cha saluni ina ya ku Chirimba. Ndinati, "Takwezani mkono ndione chigongono." Anakweza osandiyang'ana n'komwe. "Fulumirani, mkonowu uli ndi ntchito." Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi takhala tikuchita choncho. Akazi onse amene ndinajambula pa makoma a masaluni ndi malesitilanti, kuyambira kuno ku Chilomoni mpaka ku Ndirande, ali ndi mikono yawo. Mawa lake anadzuka ndi mutu. Lachitatu anatisiya.

Lero aimba foni alamu anga a Mariya, akulu awo a ku Nsanje. Akubwera Lamulungu kudzagawa zovala, monga mwa mwambo. Sindikukana. Koma zithunzi za malemu zimene ndili nazo ndi zitatu, ndipo monsemo aima njo ngati ali pa mzere wa kuchipatala. Ndikufuna ndiwajambule atakhala pakhonde paja, m'chitenje chawo chobiriwira cha maluwa achikasu, chisanachoke m'nyumba muno. Masiku asanu ndi limodzi. Wondikhalira palibe, Tereza ali ku Joni. Pakufunika chidole chopindika.

Lachiwiri

Ku Limbe, pa kaunjika wa zidole. Zimene ndaona:

— mkazi wapulasitiki, tsitsi mpaka m'chiuno, miyendo ngati ya kakowa, maondo osapindika;
— msilikali wopindika paliponse, koma chifuwa ngati thumba la simenti, mfuti yomatirira kudzanja;
— khanda lolira ukalifinya pamimba.

Wogulitsa akuti, "Tengani zonse madala, adzukulu akavine." Ndangomwetulira.

Choyenera ndachipeza m'sitolo ya mabuku ndi mapensulo. Chamtengo, chopanda nkhope, mfundo zonse zoyenda, chobayidwa pa kachitsulo kuti chiime. Pa bokosi pake achijambula chikuthamanga. Ndabwera nacho m'minibasi chili m'thumba la jekete.

Lachitatu

Chimathamangadi. Chimadumpha, chimaponya mpira, chimapereka saluti. Kukhala pansi ayi! M'chiuno muli sipuling'i. Ukapinda mwendo n'kuusiya, wabwerera. Ndachizula pa kachitsulo, chagwa chagada. Ndachitsamiritsa ku chitini cha shuga, chakhala ngati chidakwa chodikira minibasi.

Komanso n'choonda. Amake Tereza sanali oonda, ndipo ankanyadira zimenezo. Ndachikulunga thonje m'chiuno ndi pamimba, ndamanga ndi ulusi.

Mapepala anayi. Pa onse anayi patuluka chidole.

Lachinayi

Ndikuganiza kuti vuto ndi nsalu. Chitenje chimagwa mwa njira yake pa maondo, ndipo popanda kuchiona sungachijambule. Ndatsegula sutikesi yawo koyamba chimwalirireni. Fungo la sopo wawo. Ndakhala pabedi nthawi yaitali ndithu.

Kenaka ndachita chinthu chopusa. Ndadula kachidutswa kokula ngati chikhatho, osati m'mphepete, koma pakati penipeni, chifukwa ndimafuna duwa lathunthu. Pa chidole kansaluko sikakugwa ngati chitenje. Kangotambasuka ngati ambulera.

Mapazi akutererabe patebulo. Ndayatsa kandulo kuti ndiwamate ndi phula lake, ndagwada kuti ndione bwino. Nthawi yomweyo odi pakhomo: amayi atatu a kumphakati wathu wa kutchalitchi, abwera kudzandiona. Apeza chiyani? Kandulo ikuyaka masanasana, chidole chopanda nkhope chitavala nsalu ya malemu, ine ndili chigwadire.

Amayi Thomu, omwe ndi apampando: "Abale, tisakhale. Tipemphere kaye." Korona yonse, atayang'ana kukhoma. Tiyi akana.

Lachisanu

Abwera akatekisiti. Ndawaonetsa bokosi, mapepala, pensulo. Agwira chidolecho, achipinda mkono, aseka pang'ono. "Ine ndamva, bambo a Tereza. Koma kumpopi sanamve. Chibiseni." Potuluka andikumbutsa kuti chikwangwani cha kwaya chasuluka.

Amayi ogulitsa tomato pakona lero andiikira jumbo pa benchi, osandipatsa m'manja.

Tsopano ndikujambula makatani otseka. Kuwala n'kochepa. Mapepala ena atatu apita m'mbaula.

Loweruka

Chidole m'dirowa. Ndatulutsa galasi la kuchipinda, ndaliimika pabwalo mkati mwa mpanda, ndakhala ndekha pakhonde, pamalo pawo, lichero pamiyendo. Msana wanga sukhala choncho. Posakhalitsa miyendo dzanzi.

Ndiye ndafuna kusanjikiza mapazi monga ankachitira. Lamanja pamwamba, kapena lamanzere? Ndayesa uku, ndayesa uko. Zonse zikuoneka zolondola, zonse zikuoneka zolakwika. Ndaimbira Tereza. "Adadi, ine sindinkayang'ana mapazi. Mwadya koma?"

Chigongono chawo ndingachijambule nditatsinzina. Khosi, zala zitagwira chipeso, phewa litanyamula thireyi. Ndinkawapempha chiwalo chimodzichimodzi, chimene chikwangwani chikufuna tsiku limenelo. Munthu yense atakhala phee sindinamujambulepo. Ndinkayesa nthawi ilipo.

Pensulo sindinaigwire lero.

Lamulungu

Afika Misa yachiwiri itatha, a Mariya ndi ang'ono awo awiri. Mphasa pabwalo. Zonse zayenda mwaulemu:

— yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, kwa a Mariya;
— nsapato zakuda zimene zinkawathina, kwa a Sofiya, mmodzi wa ang'ono awiriwo;
— madiresi, maduku ndi juzi, akagawira akumudzi;
— ndolo ndi korona, tisungire Tereza.

Sutikesi nayo yapita. Andifunsa kaye, ndavomera.

Pomaliza a Mariya atambasula chitenje chobiriwira. Andiyang'ana kudzera pa bowo. "Alamu, makoswe a m'tauni amayenda ndi sizasi?" Ndawauza zonse, mpaka za kandulo. Aseka mpaka misozi, kenaka kuseka kwatha, yatsala misozi. Achipinda bwinobwino, achiika pamiyendo panga. "Chobooka sitingakagawe kumudzi. Tingachite manyazi."

Atapita ndavula chidole, ndabwezera duwa pamalo pake. Ulusi wobiriwira mulibe m'nyumba muno, ndasokera wakuda. Chigambacho chikuoneka ngakhale uli kumsewu. Chithunzi palibe, ndipo sindiyesanso. Chitenje ndachipachika kuseri kwa chitseko, pa msomali wa jekete yanga.