Majekete Atatu mu Juni

Kuntchito kwathu ku Wakefield, kunyumba yosamalira okalamba, munthu akangotchula Sweden anzanga onse amandiyang'ana n'kuyamba kutsokomola. Ndiye bola ndifotokoze ndekha, ena asanaithire mchere nkhaniyi.

Tadala, mwana wa achemwali anga, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Sweden mwezi wa Juni. Achemwaliwo ku Zomba viza sinatuluke, choncho mayi wa mkwatibwi ndinali ine. Zolephera panalibe.

Tsono Sweden amene ndinkamudziwa ine ndi wa pa TV, anthu akuyenda m'chipale chofika m'chiuno. Tadala anandiuza pafoni kuti, "Anti, kunja kuli bwino kuno, mungotenga zopepuka." Mumtima ndinangoti mwanayu wazolowera mavuto. (Ndinali nditapirira zaka zinayi kuzizira kwa kuno ku Yorkshire, ndiye ndinkadziyesa katswiri.)

Ndinayamba kubwereka zovala. Amake Mwila, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira shifiti imodzi, anandipatsa chijekete chofika m'maondo, koma akukayika.

"Mwafunsa bwino, asisi? Mwina kuli dzuwa monga kuno."

Ndinawayankha kuti pamapu Sweden ali pamwamba pathu, ndipo pamwamba sipatentha.

Tikiti yanga inkalola kachikwama kamodzi, ndipo kanali katadzaza kale ndi mphatso. Nzeru inabwera yoti ndingovala zonse. Mkati ndinavala diresi ya chitenje ya ukwatiyo, ati kuti isakwinyike. Pamwamba pake majuzi awiri, majekete atatu, mpango wa m'khosi, sokosi ziwiriziwiri ndi jombo.

Tsiku la ulendo dzuwa linawomba ngati la ku Nsanje. M'sitima yopita ku Leeds anthu anali m'makabudula, ndipo mayi wina anandipatsa mpando poganiza kuti ndine woyembekezera. (Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Mpandowo ndinakhalapo.) Pofika ku Liverpool thukuta linali likuyenda m'jombo.

Pabwalo la ndege, bambo wosecha anthu anati mwaulemu, "Vulani jekete, mayi."

Ndinavula.

"Inayonso."

Ndinavula. Anayang'ana yachitatu, n'kutembenuka kukatenga mabeseni ena oikamo katundu. Pamene ndinkalimbana ndi juzi yomaliza, mutu uli mkati, ndinamva chizungulire. Podzidzimuka ndinali pansi, mwendo umodzi uli ndi jombo, wina ulibe.

Kunabwera mtsikana wa chithandizo choyamba, n'kugwada pambali panga. "Dzina lanu ndani, mayi? Lero n'lachingati? Mwamwako madzi?" Mafunso omwewo amene ine ndimafunsa agogo kuntchito, ndi kamawu kofewa komweko. Kenaka anati mwina ndisakwere ndege tsiku limenelo.

Apo misozi inatuluka. Ndinamuuza kuti mawa lake mwana akukwatiwa kudziko la eni, ndipo wachibale amene angamuimirire ndine ndekha. Mtsikanayo anandimwetsa mabotolo awiri a madzi, anandipimanso, kenaka ananyamula yekha mulu wa majekete mpaka pakhomo lokwerera. Ndinalowa m'ndege womalizira.

Tadala ndinamupeza ali m'masilipasi, atavala magalasi a dzuwa. Anayang'ana ine, anayang'ana mulu uja, n'kundikumbatira, mapewa akugwedezeka. Sindinafunse ngati ankalira kapena ankaseka. Diresi ija inali ndi mizere yoyera ya thukuta kumsana konse. Apongozi ake a Tadala anaichapa madzulo omwewo, ndipo inauma panja, poti kumeneko mu Juni dzuwa silifulumira kulowa. Mawa lake ndinamugwira dzanja mwana wa achemwali anga ndi kumupereka, ndili wooneka bwino ndithu.

Pano Tadala ali ndi pakati, ndipo wandiitana kuti ndikamuthandize mu Januwale. Akuti ndikatenge zofunda zamphamvu. Ndamuuza kuti asandiphunzitse, Sweden ndinapitako ine, n'kotentha.