Rodibuloko pa Mkono Wanga

Usiku wathawu ndinalota zoti musandiseke nazo, anzanga. Za phewa langali mukuzidziwa kale: chiyambireni kuwawa sinditha kumuponyera mwana wanga Lonjezo kumsana, akumubereka ndi apongozi. Kumafizo kuchipatala, adokotala a Kachale amandimanga lamba kumtunda kwa mkono kuti magazi aziyenda pang'onopang'ono, ine n'kumakweza kabotolo ka madzi basi. Akuti mnofu umapusitsika, umayesa wasenza katundu wolemera, n'kulimba. Ine mantha anga ndi amodzi: nanga mkono ukafa?

Ndiye kutuloko ndili pabenchi kuchipatala, lamba uja n'kutsokomola, akuti ndisamuyang'ane choncho, iye anangotumidwa. Mwadzidzidzi mkono watalika, wasanduka msewu watala, lamba wasanduka rodibuloko, magazi anga adzazana m'maminibasi, ena atafungata nkhuku, hutala ili pipii. Ndiye a Kachale atulukira atavala zaupolisi wapamsewu, ndikuona khosi likusomphoka, asanduka kakowa, aima ndi mwendo umodzi.

"Mmodzimmodzi, mabwana, msewu sitinatseke," akuwauza magaziwo.

Ine ndinawafunsa a Kachalewo mwaulemu ngati kutsogoloko kudakali amoyo. Anati ndigwedeze zala. Zala zinayankha zokha kuti zadzuka bwino, kaya ine, kupatula chala chaching'ono chomwe chimadandaula kuti sichinamwe tiyi.

Ndiye ndapezeka paphewa penipeni, pali mtengo wa mango, pansi pake pagona mnofu wanga, chimunthu chaulesi, chipewa kumaso. Kabotolo kaja kafika monyang'wa n'kumuuza ndi mawu okhuthala kuti iko ndi thumba la simenti. Mnofu kudzambatuka, kupinda malaya, thukuta kamukamu. Ndinafuna kuulula, paja bodza limandisowetsa mtendere, koma kabotolo kananditsinzinira.

Mwadzidzidzi chitenje changa chobiriwira choberekera mwana chikudutsa chitasenza kachikwama. Ndinachifunsa kuti ulendo wa kuti, chinati chikusamukira kwa apongozi chifukwa kwa ine ntchito inatha. Kumbuyo kwake Lonjezo akukwawa, akuitana kuti amama, amama, koma maso ali kwa apongozi.

Pamenepo ulemu unandithera. "Iwe mnofu, simentiyo isiye, nyamula mwana!"

Ndiye ndam'gwira Lonjezo, ndam'ponyera kumsana ngati kale, phewa lili zii, chitenje chabwerera chokha mwamanyazi n'kudzimanga pachifuwa. Kakowa wachita sailuti ndi phiko, minibasi zonse zaliza hutala, phokoso likukulirakulira...

Kutsegula maso, ndi ndowa ya aneba ikugunda pampopi. Mkono uli dzanzi. Ndinayang'ana, n'kupeza Lonjezo watsamiritsa mutu pomwe pamadutsa lamba paja, dovu lili chuchuchu. Ndinagwedeza zala, zonse zilipo. Mwanayo sindinamusunthe, ndinangokoka chitenje ndi dzanja linalo n'kuchibisa pansi pa pilo, apongozi asanalowe.