A Nkhongo ndi Mpira Umene Sankauonera

Munthu wokonda mpira kuposa malemu a Nkhongo sanabadwe, ndipo akadzabadwa mudzandidzutse. Koma mpirawo iwo sankauonera. Timu ya pasekondale ikamasewera, ankaima m'mphepete mwa bwalo atafulatira osewera, nkhope kwa ana asukulu, chitini cha timiyala m'manja, n'kumatsogolera nyimbo mpaka wenzulo yomaliza. Osewera ankangowadziwa nkhongo. Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo lenileni lija ngakhale akazi awo ankachita kuliganizira.

Ntchito yawo inali yosoka nsapato pansi pa mtengo wa pageti la sukulu. M'kalasi sanakhalemo, koma ankati mafomu onse anawamaliza kudzera pawindo. Mpira uliwonse wophulika unkadutsa pantchafu pawo. Ankausoka, kuupopa, kuusisita, n'kuulangiza ngati mwana wopita kubanja. Koma ukangolowa m'bwalo, iwo msana.

Chiyambi chake ankachifotokozera aliyense wobwera ndi nsapato, kaya wafunsa kaya sanafunse. Kalekale, mutu udakali ndi tsitsi, ankaimbitsa ana timu ikutsogola. Atamva phokoso kumbuyo anacheuka. Nthawi yomweyo goloboyi, mnyamata woti ankagwira ngakhale ntchentche ili pa liwiro, mpira unamudutsa pakati pa miyendo.

"Maso angawa ndi olemera," ankatero. "Ndikauyang'ana mpira, umatsetserekera kwathu."

"Nanga agogo, mumadziwa bwanji zimene zikuchitika?" ankafunsa ana a fomu wani.

"Nkhope zanuzo n'zantchito yanji? Mukayasama, tili pagolo pawo. Mukagwira kumutu, taphonya. Aphunzitsi a masamu akayamba kupemphera, imeneyo ndi penate."

Ana a masukulu ena anayesa zonse kuti awacheutse.

"Madala, njoka kumbuyo kwanu!"

"Iuzeni ikhale pansi, ikutchinga anzake."

"Madala, akazi anu akuthawa ndi lifali!"

"Kalanga ine, lifaliyo! Mwana wa eni wadziputira."

Tsiku lina mpira unachoka m'bwalo ndi mphamvu zonse n'kuwamenya pankhongo penipeni, phaa! Chipewa uko, chitini uko. Anthu anathamanga poganiza kuti maliro achitika. A Nkhongo anadzuka, osacheuka, n'kusisita pomwe panamenyedwapo.

"Musadandaule, ndi wathu ameneyo. Msokowo ndaumva, ndi wanga."

Masiku amenewo mwana wa fomu wani ankadziwa nyimbo za a Nkhongo asanadziwe kumene kuli chimbudzi. Ankawasonkhanitsa pansi pa mtengo, zingano pakamwa, nsapato m'manja, n'kumawaphunzitsa: "Mwabwera pa basi, mubwerera chokwawa!" Woimba mwaulesi nsapato yake inkagona pamtengopo sabata yathunthu, aziyenda ndi chala pamtunda.

Kenako kunabwera a hedi atsopano, mayi a magalasi, oyenda ngati pansi pali ngongole yawo. Anamvetsera nyimbo ija kamodzi, n'kuwaitanitsa a Nkhongo ku ofesi.

"Bambo, inu ndinu mphunzitsi pano?"

"Ayi, mayi."

"Kholo la komiti?"

"Ayi, mayi."

"Nanga ndinu ndani?"

"Ndine a Nkhongo, mayi."

"Nyimbo zanuzo n'zonyoza alendo. Dziko linasintha. Tagula masipika, ndipo atsikana aphunzira kuvina mwadongosolo. Inu zionerani mpira ngati wina aliyense."

"Mayi, mukufuna sukuluyi ithe?"

A hedi sanaseke. Mlonda anauzidwa kuti chitini chisadzadutsenso pageti.

Loweruka lotsatira a Nkhongo anakaima kunja kwa mpanda wa waya, atafulatira bwalo, akuyang'ana msewu wopanda munthu. Mtima unkawawa ngati aubaya ndi zingano yawo yomwe. Kumbuyo kwawo masipika anabangula nyimbo ya pafoni, ija inali m'fasho chaka chimenecho. Vuto linali limodzi: nyimboyo alendo nawonso ankaikonda. Anatsika m'basi akuvina, osewera awo akuvina, ngakhale dalaivala. Atagoletsa chigoli choyamba, mnyamata wa pamasipika, posadziwa chochita, anaibwerezanso, alendo n'kumuthokoza ndi manja awiri.

A Nkhongo anangomva kutsokomola pafupi. Kamwana ka fomu wani kanali katazungulira mpanda n'kudzaima patsogolo pawo.

"Agogo, atichinya."

"Ndaona pankhope pakopo. Ukuoneka ngati nsapato yonyowa."

Kanabwera kena, kenanso, mpaka msewu unadzaza. Chitini chinalira. Mmene a hedi ankacheuka, m'bwalo munali mutatsala iwo, masipika ndi aphunzitsi a masamu akupemphera. Lolemba anatuma mlonda kukanena kuti chitini chikhoza kulowa, bola mawu oti "chokwawa" asinthidwe. A Nkhongo anavomera mwaulemu wonse. Anawasintha kukhala "chogudubuzika".

Zosintha sizinathere pamenepo. A hedi omwewo anayambitsa timu ya atsikana, ndipo a Nkhongo anaseka mpaka kutsamwa.

"Atsikana mpira wamiyendo? Mawa mudzati nkhuku ziphunzire kusambira."

Koma amene anatuluka katswiri anali mdzukulu wawo weniweni, amene anzake ankamutcha Kamphepo. Kuseka kunatha. Nsapato za Kamphepo zinkasokedwa ndi ulusi umene a Nkhongo ankaubisa m'thumba la malaya, ndipo aliyense wodutsa pamtengo ankauzidwa kuti luso limeneli ndi la kumtundu.

Madzulo ena, atsikana atatsala pang'ono kusewera fainolo ya chikho, Kamphepo anakhala pambali pa agogo ake, iwo akusoka.

"Agogo, anzanga makolo awo amawaonera."

"Inenso ndimakuonera. Pankhope za anthu."

"Ine ndatopa kugoletsera nkhongo, agogo."

A Nkhongo anadzibaya chala ndi zingano.

Tsiku la fainolo linafika, zigoli n'kufanana mpaka kumapeto. Mwadzidzidzi nyimbo inazima yokha. A Nkhongo anaona aphunzitsi a masamu atatsinzina, milomo ikugwedera. Penate. Koma panali chachilendo: ana onse, m'malo moyang'ana kubwalo, ankayang'ana iwo. Pamenepo anadziwa womenya.

"Agogo!" mawu anachokera kumbuyo, aang'ono koma akuthwa. "Tandionani!"

Khosi limene linakana njoka, linakana lifali, linakana mpira wa pankhongo, linayamba kutembenuka lokha ngati chitseko chadzimbiri. Anaona udzu wobiriwira. Anaona kamtsikana kawo, masokosi atagwa, kakupuma mwamphamvu, nsapato za ulusi wobisa zija kuphazi. Kanamwetulira, kanathamanga, kanamenya. Mpira unauluka bwinobwino n'kukamenya chitsulo cha golo, ngwee! Alendo anautola, kuthamanga nawo, n'kukagoletsa. Chikho chinakwera basi.

Lolemba pansi pa mtengo panalibe munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. A Nkhongo anadzitsekera m'nyumba, akuti apha sukulu ndi maso. Akazi awo anayesa kuwanyengerera, anayesa kuwakalipira, osatheka.

Lachitatu masana anamva nyimbo ikubwera mumsewu. Atasuzumira pawindo anaona sukulu yonse ikubwera chobwerera m'mbuyo, nkhongo zokhazokha, ana akupondana, akugwa, akudzuka. Kutsogolo, kapena tinene kumbuyo, kunali a hedi, amene anafika pakhomo pogunda ndowa ya madzi n'kukhalamo.

"Bambo," anatero akufinya siketi, "ana akana kulowa m'kalasi. Tamverani, chitsulo chija si maso anu. Mwanayu anapendeketsa phazi, basi."

A Nkhongo anatuluka ngati alumidwa ndi mavu.

"Mwati chiyani, mayi? Phazi la mdzukulu wanga? Phazi limene lija linali bwinobwino, ndinaliona ndekha! Olakwa ndi maso angawa, ndipo aliyense wonena zina nsapato zake akasokere kwina."

Kamphepo anawagwira dzanja.

"Ndiye munandionadi, agogo?"

"Ndinakuona, mwanawe. Umathamanga ngati amayi ako akamathawa ntchito."

Anabwerera pamtengo tsiku lomwelo, ndipo sanadzacheukenso. Kamphepo anagoletsa zigoli zambirimbiri pambuyo pake, zonse kunkhongo, koma sanadandaulenso. Owafunsa a Nkhongo ankayankhidwa kuti, "Mpira ndinauonera kamodzi, unandikwana. Wabwino kuposa uja kulibe."

Anatisiya nyengo yozizira, mwakachetechete, zomwe sizinali khalidwe lawo. Pansi pa mtengo paja tsopano pali kamsika ka mayunitsi a foni. Mipira ya masiku ano ikaphulika amangotaya, ndipo masipika anabwereranso, akuluakulu kuposa aja. Nyimbo zambiri zinaiwalika. Ya basi ija ana anaiwonjezera mawu ena oti mwini wake akanamva, akanawalanda nsapato.

Koma pitani Loweruka lililonse. Lifali akangoimba wenzulo yoyamba, masipika amazima, sukulu yonse n'kufulatira bwalo, kuimba nyimbo imodzi yathunthu, chitini chija chili m'manja mwa amene wasankhidwa chaka chimenecho. Alendo amadabwa. A fomu wani ena sadziwa n'komwe chifukwa chake, amangoti ndi mmene timachitira pano. Ndipo chigoli chikalowa, akuluakulu amene ankawadziwa sayang'ana kugolo. Maso amathamangira pamalo paja m'mphepete mwa bwalo, nkhope zitatambasuka bwinobwino, kuti mwina mkulu uja awerenge.