Nyenyezi ya m'Munda mwa Asewere

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika ku Dambe, amayi ogulitsa kachewere amakokera madengu awo kumiyendo. Ine, amene chibadwire sindinatolepo ngakhale singano ya munthu!

Unali m'bandakucha, ndili pakhola kuwerenga nkhuku (ndimawerenga kawiri pa tsiku, anthu a masiku ano musawaone kumwetulira). Mwadzidzidzi kunja konse kunangoti ngwee! Chinyenyezi chobiriwira, chamchira, chikuchokera cha ku Mozambiki. Ndinamvapo pa wailesi kuti nyenyezi zothothoka zimasiya mwala umene anthu akunja amachita kulimbirana.

Masamu ndinachitira pomwepo. Chinadutsa mikono iwiri yokha pamwamba pa bulugamu wanga, ndinayeza ndi dzanja langali. Ndisanamalize kunena "mayo ine" chinali chitazima, ndiye kuti liwiro lake limaposa pang'ono njinga yamoto. Ndipo ndinachiona ndi maso anga chikugwera kuseri kwa chulu, m'munda wa kachewere wa asewere anga aNaphiri, amake a mkamwini wanga.

Kuwauza? Aaa, amene aja ndimawadziwa. Khasu paphewa, dengu pamutu, ulendo.

Mzere woyamba, palibe. Wachiwiri, kachewere yekhayekha, ine n'kumamuponya m'dengu kuti asandisokoneze. Ndili pa mzere wachisanu, dzuwa litatuluka, ndinamva kutsokomola kumbuyo. ANaphiri, ndi anthu atatu opita kuchigayo.

"Mwadzuka bwanji asewere? Kodi mwayamba ganyu osandiuza?"

"Ndikufunafuna nyenyezi," ndinatero.

"Eti? Ndiye m'dengumo mwatolera zingati?"

Anthu kuseka mpaka kutula matumba. Apo foni yanga inalira, mng'ono wanga wa ku Matope: "Achemwali, mwaiona? Yagwera kuseri kwa khola lathu!"

"Usiye bodza iwe, yagwa kuno!"

Aphunzitsi ena opita kusukulu anaimika njinga n'kutifotokozera kuti chinthucho chinapsera kumwamba kwenikweni, kupitirira kumene ndege zimadutsa, n'chifukwa chake aliyense amaona ngati chagwera kuseri kwake. Akuti munthu ataima pamalo amodzi sangadziwe kutalika kwake, pamafunika anthu awiri otalikirana kuti ayerekeze zimene aona. (Ndiye ine ndiziuza munthu wachiwiri?)

Kachewere ndinamusiya, mizere ndinaunda yonse isanu, aNaphiri atakhala poteropo kundilondera ngati mkaidi. Kuti ndinalakwa kukumba osapempha, ndavomera basi.

Koma sabata yomweyo aNaphiri anamanga mpanda kuzungulira munda wonsewo. Akuti n'chifukwa cha mbuzi. Mbuzi zake ziti?